Boti Lokhota la ku Venice

Che Jaffalie anali atakhoma maboti kwa zaka makumi atatu ndi zinayi pamene anakwera ndege koyamba. Malo awo a ntchito anali pansi pa mkuyu m'mbali mwa Shire, kumtunda pang'ono kwa mlatho wa ku Mangochi, ndipo asodzi a ku Malindi mpaka a ku Makanjira ankawadziwa kuti ndi munthu wosakhululukira thabwa lokhota. Boti likatuluka m'manja mwawo linkakhala lowongoka ngati mzere wa anthu opemphera pa Swala.

Ulendowo anakonza ndi mwana wawo wachitatu, Zakia, amene anapita ku Italy kukaphunzira za ulimi wothirira pa yunivesite ya mumzinda wa Padova. Atamaliza maphunziro analimbikira kuti makolo ake akaone ndi maso awo akulandira digiri. Mayi ake, a Abiba, amene ankachita bizinesi ya zitenje pakati pa Mangochi ndi Chiponde, anavomera tsiku lomwelo. Bambo ake anakana kwa miyezi iwiri, akuti panali boti la a Raymond a ku Malindi loti amalize, koma pomaliza anapita.

Mwambo wa digiri unachitika Lachinayi. Loweruka m'mawa Zakia anawadzutsa kuti akwere sitima yapamtunda kupita ku Venice, ulendo wa theka la ola basi.

"Ndi mzinda wakale kwambiri, ndipo anaumanga pamadzi," anatero ali m'sitima. "Kulibe galimoto, kulibe njinga, kulibe kabaza. Misewu yake ndi ngalande. Koma anthu ake, Amayi, ndi ochuluka zoopsa, ndiye chonde tisasiyane."

Anali atalemba mu foni yake malo asanu ndi limodzi oti akaone, ndi nthawi yofikira paliponse. Anatulutsanso tipepala tiwiri tolimba pamene analemba dzina lake, nambala yake ya foni ndi mawu ena a Chitaliyana. Kamodzi anapatsa mayi ake, kena anakaika yekha m'thumba la jekete la bambo ake.

"Mukasochera, muonetse munthu aliyense kapepalaka. Foni yanu kuno sikugwira, Ababa."

"Ine ndapita ku Likoma ndi mwera, popanda kapepala," anayankha Che Jaffalie.

"Ku Likoma amamva Chichewa," anatero a Abiba, akukonza hijabu yawo pagalasi la zenera.

Atatuluka pa siteshoni, makolo onse awiri anaima pamasitepe. Pamene payenera kukhala msewu panali madzi obiriwira, otakata ngati Shire pamlatho, ndipo tsidya linalo nyumba zitalizitali zinali zitaima m'madzi momwemo mpaka pamakomo. Anthu anali mbwee ngati tsiku la Ziyala. Ena ankakoka masutikesi a matayala, ena ankatsatira atsogoleri onyamula timbendera pa timitengo, ndipo pafupifupi aliyense anali atakweza foni m'mwamba.

A Abiba ndiwo anayamba kulankhula. "Nanga boma silinawauze kuti asamuke? Ife nyanja itangokwera chaka chija, anthu a m'mbali onse anathawira kumtunda."

"Akhala choncho zaka zoposa chikwi, Amayi."

"Ndiye ndi anthu osamva."

Che Jaffalie nyumba sankaziona n'komwe. Maso awo anali pamadzi. Panadutsa boti lodzaza matumba a simenti, kenako lina la makireti a zakumwa, lina lotola zinyalala, ndi lina lachikasu lolira ngati ambulansi, mafunde ake akumenya makoma. Pakati pa onsewo pankayenda maboti akuda, aatali, opyapyala, aliwonse ndi munthu mmodzi ataimirira kumbuyo ndi nkhafi imodzi yaitali.

"Amenewo ndi magondola," anatero Zakia. "Tidzawaona bwino kutsogolo. Tiyeni, basi yathu ndi iyo."

Basi yake inali boti lalikulu la injini. Analowa mopanikizana, ndipo khamu linakankhira Zakia ndi mayi ake mbali ina, Che Jaffalie mbali ina, pafupi ndi chitsulo chotsekera polowera. Iwo sanadandaule, poti pamenepo pankaima mtsikana wogwira chingwe. Boti likamayandikira doko, mtsikanayo ankaponya chingwe kamodzi kokha n'kukola chitsulo, kuzunguliza kawiri, ndipo boti lonse linkaima mwakachetechete ngati ng'ombe yozolowera. Che Jaffalie anaonerera pa doko loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ankafuna kugwira bwinobwino mmene dzanja lake lamanzere linkatembenukira.

Pa doko la pafupi ndi mlatho waukulu wa miyala yoyera, anthu ambiri anatsika. Che Jaffalie anamva ngati kutali mawu akuti, "Ababa, tsikani," koma nthawi imeneyo mtsikana uja anali akumasula mfundo. Potembenuka, khamu latsopano linali litalowa kale, chitsulo chatsekedwa, ndipo pakati pa boti ndi doko panali madzi. Anaona Zakia akudumphadumpha, akuloza kutsogolo ndi manja onse awiri. Pambali pake a Abiba anangogwira m'chiuno n'kupukusa mutu.

Anamva kuti mwanayo akuti atsike pa doko lotsatira. Koma banja lina linali litawatchinga ndi masutikesi anayi aakulu ngati mafiriji, ndipo Che Jaffalie sanali munthu wolumpha katundu wa eni ake. Anati "sole, sole" kangapo, koma palibe anasuntha. Madoko atatu anadutsa. Pa lachinayi banjalo linatsika, nawonso anatsika pambuyo pake, n'kupezeka ali pansi pa mlatho wina waukulu, wamatabwa.

Anaima pomwepo kudikira. Maboti awiri anafika n'kutsitsa anthu, koma Zakia munalibe. Mphepo inali yozizira, ndipo anthu ankawagunda mapewa uku ndi uku. Anagwira kapepala kaja m'thumba, n'kuyang'ana nkhope za odutsa, koma onse ankaoneka kuti nawonso ndi alendo ndipo akuthamangira kwinakwake. Anaganiza zochoka pa chipiringupo kuti apeze mwini mudzi wodekha, wokhala pakhomo pake. Analowa kanjira kena kopapatiza koti anthu awiri sangadutsane bwino, anakhota, anawoloka kamlatho, anakhotanso. Phokoso linatsalira m'mbuyo. M'mwamba munali zovala zoyanikidwa pa zingwe kuchoka pazenera lina kufika pa lina.

Ndipo anamva fungo. Linali fungo la thabwa lonyowa likamawambidwa pamoto, limene akanalizindikira ngakhale atawatseka m'maso. Analitsatira mpaka pa geti lamatabwa lomwe linali lotsegula.

M'katimo munali bwalo lotsetsereka mpaka m'ngalande, mashedi awiri akale, ndi magondola atatu, awiri atawavundikira pa mabenchi. Mkulu wina wa imvi, wamfupi, wovala epuloni ya buluu, ankalimbana yekha ndi thabwa lalitali. Mbali imodzi anali atalimanga kale ku nthiti za boti. Ankalithira madzi, kuliwamba ndi mtolo wa bango loyaka, kenako kulikankha ndi bondo kuti lipindike. Koma akati atenge chopanira, thabwalo linkabwerera. Linachita choncho kawiri. Kachitatu mkuluyo analankhula mawu ena amene Che Jaffalie sanafunikire womasulira kuti adziwe mtundu wake.

Anati "odi" pa geti, koma sanamveke. Ndiye anavula jekete, kulipachika pa msomali, kukwinya manja a mkanjo, n'kukagwira nsonga ya thabwa. Anaika phewa, n'kulikankha pang'onopang'ono, osati pamene mkuluyo ankakankha, koma chakumapeto. Thabwa linagona pa nthiti.

Mkuluyo anadzutsa mutu n'kuona munthu wakuda wa kofiya yoyera ataima m'bwalo mwake. Anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana thabwa, n'kuthamangira chopanira. Anamanga choyamba. Asanatambasule dzanja, Che Jaffalie anali atawapatsa kale chachiwiri.

Anagwira ntchito choncho mpaka thabwa lonse litakhazikika, osalankhulana. Kenako mkuluyo anapukuta manja pa epuloni n'kudziloza pachifuwa.

"Alvise."

"Jaffalie."

Chingerezi cha Che Jaffalie chinali chija anatola kwa eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndipo cha a Alvise sichinali choposa pamenepo. Atafunsidwa kwawo anati Malawi. A Alvise anamva ngati Mali. Che Jaffalie anatola khala la bango n'kujambula pansi nyanja yaitali, n'kuika kadontho kumunsi kwake. Kenako anatulutsa foni, poti zithunzi zokha zinkaoneka ngakhale popanda netiweki, n'kuwaonetsa maboti awo pansi pa mkuyu uja. A Alvise anavala magalasi. Anakulitsa chithunzi ndi zala zamwaye, akuyang'ana polumikizira matabwa, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. Anafunsa mtundu wa mtengo wa matabwawo. Che Jaffalie anati mlombwa, ndipo a Alvise anayesa kutchula dzinalo katatu mpaka onse awiri anaseka.

Tsopano inali nthawi ya mlendo yoyendera ntchito ya mnzake. Che Jaffalie anazungulira gondola imodzi yomwe inali itatha kukonzedwa, yakuda bii, yonyezimira. Anaisisita m'mbali, anagogoda pansi pake, anayamikira. Kenako anachita zimene ankachita ndi boti lililonse: anakagwada kumbuyo kwake, kutsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana mpaka kumutu.

Boti linali lokhota.

Anadzuka, kupukuta m'maso, kugwadanso. Panalibe kukayika. Mbali ya kumanzere inali yotakata kuposa ya kumanja, ndipo msana wonse unapindikira mbali imodzi ngati nthochi. Ntchito yokongola chonchi, utoto wabwino chonchi, koma pa boti lolakwika. Anamumvera chisoni mkuluyo. Mwina maso anayamba kufooka, ndipo anthu ake ankaopa kumuuza. Anaganiza zongokhala chete, popeza anali mlendo. Koma anakumbukira kuti m'botimo mudzakwera anthu, ndipo mmisiri sabisira mmisiri mnzake.

Anapempha chingwe. Anamanga nsonga imodzi kumutu, n'kukokera ina kumbuyo mpaka chitalimba. Anayeza ndi chikhatho kuchoka pa chingwe kufika m'mbali, uku ndi uku, ndipo kumanzere kunatsala chikhatho chathunthu. Anayang'ana a Alvise mwaulemu, n'kunena motsitsa mawu m'Chingerezi chawo kuti pepani, bwana, silinawongoke.

A Alvise anayang'ana chingwe, anayang'ana nkhope yachisoni ya mlendo wawo, ndipo anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi pa benchi, misozi ikutuluka. Che Jaffalie anakhumudwa pang'ono, chifukwa iwo ananena zimenezi ndi mtima wabwino. Koma a Alvise anawagwira dzanja, kuwatengera ku gondola yachiwiri, n'kuwauza ndi manja kuti agwade. Inali yokhota. Yachitatu, imene anali atangoikhoma thabwa limodzi, inalinso yokhota, mbali yomweyo, muyeso womwewo. Kenako anawalozera ina yomwe inkadutsa m'ngalande ndi alendo anayi. Nayonso inkayenda itapendekera kumanja.

A Alvise analankhula Chitaliyana chambiri, manja ali m'mwamba, koma Che Jaffalie sanatolepo kanthu. Nthawi yomweyo belu la tchalitchi chapafupi linalira, ndipo anayang'ana wotchi yawo. Panali patadutsa ola ndi theka chitsikireni m'boti lija.

"Astaghfirullah, mwana uja," anatero, akuthamangira jekete.

A Alvise anawerenga kapepala, anawayang'ana Che Jaffalie pamwamba pa magalasi monga mmene mphunzitsi amayang'anira mwana wochedwa, n'kuimba nambalayo. Foni inayamba kulira, koma inkamveka kawiri: m'dzanja la a Alvise, ndi kwinanso panja. Onse awiri anatembenuka. Tsidya lina la ngalande, pamtunda woti munthu n'kuponya mwala, panaima Zakia akufufuza foni m'chikwama, ndipo pambali pake a Abiba anali atawaona kale amuna awo.

"Si awo," anatero a Abiba, mawu awo akuwoloka madzi bwinobwino. "Avula ndi jekete lomwe."

Anazungulira pa kamlatho n'kulowa pa geti. Zakia maso anali ofiira. Anafika n'kuwagwira bambo ake mkono ndi manja awiri, osausiya.

"Ababa, ndathamanga madoko atatu. Ndafunsa apolisi. Ndimaganiza kuti mwagwera m'madzi."

"Pepa, mwanawe. Ndimati ndipeze munthu woti ndimuonetse kapepala, ndiye ndinapeza akuluwa ali ndi vuto la thabwa."

"Ola ndi theka?"

"Linali thabwa lalitali."

A Abiba anakhala pa benchi n'kuvula nsapato imodzi. "Ine ndinamuuza mwanayu poyamba pomwe kuti asavutike ndi apolisi, angofunsa kumene amakhomera maboti. Sanandimvere mpaka miyendo itatopa. Titafunsa wopalasa wina, anatilozera kuno. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili nanu, abambo a Zakia, ukwati wa mng'ono wanga munachedwa chifukwa cha boti la munthu wosamudziwa."

"Limalowa madzi lija."

"Eya, limalowa madzi."

Zakia anathokoza a Alvise m'Chitaliyana, ndipo iwo anayankha nthawi yaitali, akuloza chingwe chomwe chinali chidakali pa gondola. Mkati mwa nkhaniyo Zakia anayamba kumwetulira, kenako anabisa nkhope m'manja.

"Ababa, mwawauza kuti boti lawo ndi lokhota?"

"Ndi lokhotadi. Afunse chifukwa chake."

Zakia anamasulira pang'onopang'ono. Ngalande za mumzindawu ndi zopapatiza, ndiye wopalasa amakhala mmodzi, ndi nkhafi imodzi, mbali ya kumanja kokha. Boti lowongoka ukalipalasa mbali imodzi limangozungulira. Ndiye akale awo anaganiza zolikhotetsa dala, kuti nkhafi ikamalikankhira kumanzere, thupi lake lizilikokera kumanja, ndipo ziwirizo zikakumana boti liziyenda mowongoka.

Che Jaffalie anapitanso kumbuyo kwa gondola, kugwada, kutsinzina diso. Anakhala pamenepo nthawi ndithu.

"Uwauze kuti ndapepesa," anatero podzuka. "Uwauzenso kuti amene anayamba kuganiza zimenezi anali ndi mutu."

A Alvise anayankha kuti palibe chopepesa. Alendo masauzande amajambula bwalo lawo chaka chilichonse ali tsidya lija, koma amene anaona kukhotako ndi diso lokha n'kupempha chingwe anali Che Jaffalie. Kenako anati gondola yokonzedwayo imafunika kuiyesa pamadzi mwini wake asanabwere, ndipo ngati banjali silikuthamangira kwina, likwere nawo.

Zakia anayang'ana mndandanda wa mu foni yake. Pa malo asanu ndi limodzi aja anali asanaone ngakhale amodzi. Anazimitsa foniyo n'kuiponya m'chikwama.

Amuna awiriwo anatsetsereza gondola pa mitengo yozungulira mpaka m'madzi. A Abiba anakhala pa mpando wa pakati, wofiira, wofewa, n'kuyala chitenje pamiyendo ngati mkazi wa nduna. A Alvise anaimirira kumbuyo, nkhafi ataigoneka pa kamtengo kokhotakhota kosemedwa bwino, ndipo boti linanyamuka popanda phokoso. Anadutsa m'ngalande zing'onozing'ono kumene kunalibe khamu. Makoma anali ndi ndere m'munsi, njerwa zofiira zikuonekera pamene pulasitala anagwa. Mayi wina anatsitsa dengu pa chingwe kuchokera pazenera la m'mwamba. Pa ngodya iliyonse a Alvise ankafuula kamawu kamodzi kochenjeza amene akubwera mbali inayo.

Atafika pamalo otakata pang'ono, anaimitsa boti n'kuwakodola Che Jaffalie.

"Abambo a Zakia, madzi awa ndi ozizira," anachenjeza a Abiba.

Koma iwo anali atavula kale nsapato. Anakwera kumbuyo, a Alvise anawaikira mapazi, lina kutsogolo lina kumbuyo, n'kuwapatsa nkhafi. Kukankha koyamba, nkhafi inadumpha pa kamtengo kaja n'kumenya madzi, ndipo madontho anagwera pa chitenje cha a Abiba. Kwachiwiri boti linatembenuka n'kuloza khoma, a Alvise n'kulitchinga ndi phazi. Kwachitatu linazungulira bwinobwino mpaka kuyang'ana kumene linachokera. Pa kamlatho kapafupi anthu anayamba kuima.

"Zaka zonsezi mumatiuza kuti ndinu munthu wa pamadzi," anatero a Abiba.

"Takhalani chete, amake Zakia, mukundisokoneza."

A Alvise anagwira dzanja lawo n'kuwaonetsa kuti nkhafi siituluka m'madzi pobwerera, imangotembenuzidwa pang'ono. Che Jaffalie anayesanso. Ulendo uno anamva m'mapazi boti likukokera kumanja monga anauzidwira, ndipo analisiya kuti likoke. Linayenda. Anapalasa kasanu, kakhumi, mowongoka, mkanjo ukuuluzika ndi mphepo, mpaka anawerama n'kudutsa pansi pa kamlatho. Pamwamba anthu anawomba m'manja, mafoni onse ataloza munthu wa kofiya yoyera. Zakia nayenso ankajambula, koma ankaseka kwambiri moti kanema wake anatuluka wogwedezeka.

Atabwerera ku bwalo nthawi ya Swala ya masana inali itakwana. Zakia atafotokoza, a Alvise anasesa pakona ya shedi, kuyala katoni yoyera, n'kuwaonetsa mpopi. Kenako a Alvise anatuluka, ndipo pobwera anali ndi mbale ya tizidutswa ta buledi ndi nsomba. Anafuna kutsegula botolo la vinyo, koma atauzidwa kuti alendowo samwa mowa anamenya pamphumi pawo n'kukatenga khofi m'timakapu tating'ono ngati ta ana osewera masanje.

A Abiba analawa nsomba mosamala. Zinali zazing'ono, zokazinga, zoviikidwa mu viniga ndi anyezi wambiri, ndi timphesa touma.

"Uyu ndi usipa wonenepa," anatero. "Koma ndani anawauza kuti mu nsomba amathira zotsekemera?"

"Ndiwamasulire, Amayi?"

"Uwauze kuti zakoma." Anatenga kachidutswa kachiwiri, kenako kachitatu.

Potsanzikana, a Alvise anapatsa Che Jaffalie kachidutswa ka mtengo umene amasemera pogonekera nkhafi. Che Jaffalie anafufuza m'matumba, ndipo chimene anapeza ndi pensulo yawo ya ukalipentala, yosongoledwa ndi mpeni, imene inabwera nawo kuchokera ku Mangochi osadziwa. A Alvise anailandira ndi manja awiri n'kuipanika kukhutu.

Nthawi inali itapita, ndiye Zakia anati pa mndandanda wake asankhapo malo amodzi okha, bwalo lalikulu la mzindawo. Anawoloka mlatho wamatabwa uja n'kulowanso m'khamu. Ulendo uno a Abiba anagwira nsonga ya jekete la amuna awo ndipo sanaisiye. Anayenda m'tinjira todzaza masitolo a zigoba za kumaso ndi zinthu zagalasi, akusuntha phazi limodzi limodzi, mpaka mwadzidzidzi makoma anatha ndipo anatulukira pabwalo lotakata ngati mabwalo a mpira awiri. Kumapeto kwake kunali tchalitchi cha madenga ozungulira ngati mzikiti, chonyezimira golide, ndi nsanja yaitali ya njerwa.

Apa ndiye Che Jaffalie anakweza maso. "Koma anthuwa anamanga," anavomereza.

Zakia anawaimika pakati kuti awajambule. Akukonza foni, a Abiba anamva kuzizira kuphazi. Madzi ankatumphuka m'mabowo a pansi pa miyala, mwakachetechete, n'kumafalikira pabwalo. Zakia anati zimachitika nyengo imeneyi nyanja ikadzaza, ndipo pakatha maola ochepa amabwerera okha. Antchito anali atayala kale matabwa pa miyendo yachitsulo, ndipo khamu lonse linayamba kukwera pamenepo, mzere umodzi wautali wosayenda. Ena ankagula mapulasitiki owala ovala kumiyendo mpaka m'mawondo.

A Abiba anayang'ana mzerewo, anayang'ana madzi. Madziwo sanafike n'komwe m'kakolo.

"Anthu onsewa akuthawa timadzi timeneti?"

Anavula nsapato ndi masokosi, kuzinyamula m'manja, kukweza chitenje pang'ono, n'kuyamba kuwoloka pakati penipeni pa bwalo. Che Jaffalie anapinda buluku n'kuwatsatira. Zakia anaima kaye, akuyang'ana nsapato zake zatsopano za pa digiri, kenako nayenso anavula. Madzi anali ozizira moluma mafupa, ndipo atatuwo anayenda akuseka ndi kudandaula, tchalitchi chonse chikuonekera m'madzi patsogolo pawo. Mayi wina wa ku Japan amene anali pa matabwa anawakodola, kutenga foni ya Zakia, n'kuwajambula onse atatu, nsapato zili m'manja.

M'sitima yobwerera ku Padova munali modzaza, koma anyamata awiri anawapatsa malo akuluwo. Zakia anaimirira pambali pawo atagwira chitsulo. A Abiba anatulutsa foni n'kuyamba kujambula mawu oti adzatumize kwa mng'ono wawo Ajira ku Chiponde akafika pa netiweki. Anafotokoza za nyumba za m'madzi, za nsomba zotsekemera, za mpando wofiira, ndi za mlamu wake amene anazungulira ndi boti la eni ake pamaso pa azungu.

"Munene kuti pambuyo pake linayenda," anatero Che Jaffalie.

"Ndifika kumeneko."

"Munene tsopano, mungaiwale."

A Abiba anayandikitsa foni kukamwa kwa amuna awo kuti anene okha. Che Jaffalie anakonza kukhosi, anapereka salamu kwa alamu awo ndi onse a ku Chiponde, ndipo anayamba nkhaniyo kuchokera pa thabwa lija. Sitima inafika ku Padova iwo m'nkhani yawoyo asanalowe n'komwe m'boti.